Nkhondo ya pa Chitseko cha Che Kasimu

Ndikawakumbukira Che Kasimu, m'mphuno mwangamu mumabwera fungo la mtovu wosungunuka, la makala a tsanya ndi la parafini wotsalira m'zitini zimene ankadula popanga nyali za koloboyi, ndipo m'makutu mumalira kanyundo kawo kaja, ngwe ngwe ngwe, kuyambira dzuwa litangotuluka mpaka sitima ya masana italira ku siteshoni ya Balaka. Anali okhoma ndowa. Chisakasa chawo chinali pansi pa mtengo wa bwemba, moyang'anizana ndi khonde lathu, kwa Nsamala kuno, ndipo pakati pa nyumba yawo ndi yathu pankangodutsa kanjira ka kuchitsime. Iwo anali Asilamu ochokera kwa Kawinga, ife Akatolika, koma mchere tinkapemphana ndipo maliro tinkalira limodzi. Ana tonse tinkawatcha ambuje, monga ankachitira anzathu achiyao.

Ndowa zawo zinali zabwino ndithu, koma chimene chinkakokera anthu pa chisakasa chija chinali chitseko. Chinali chitseko chakale cha matabwa, chogonekedwa pa miyala, ndipo anachilemba tizipinda ting'onoting'ono ndi waya wotentha. Paunyamata wawo anamenya nawo nkhondo ya Majeremani, kumene anasiya zala ziwiri za dzanja lamanzere, ndipo kumeneko ankaona akuluakulu a asilikali akuumba timapiri ndi timitsinje pansi pofotokoza za nkhondo ya mawa. Anzawo anabwerako ndi majasi ndi mamendulo. Iwo anabwerako ndi zimenezo, nazisandutsa masewera a anthu awiri.

Asilikali anali tizidutswa ta malata topindidwa kumiyendo kuti tiziima, ena opakidwa dothi lofiira, ena odetsedwa ndi mwaye. Mtsinje unali nsanza yabuluu, mapiri anali dothi la pachulu, nsungwi zinali tizitsotso tozika pa phula, ndipo msomali wopinda unali chiwaya, mfuti ija yolavula zipolopolo osapuma. Wofuna kubisa anthu ake ankawavindikira ndi chigoba cha mlambe. Powombera tinkaponya nthangala za bwemba zopalidwa mbali imodzi pa mwala, ndipo zoyera zikachuluka, msilikali wa mnzako ankagonekedwa pansi. M'mphepete mwa chitseko munkayenda batani la mkuwa, limene linali dzuwa, ndipo likafika kumapeto nkhondo inkatha. Kubetcha ankakana kwamtuwagalu. Bambo wina atayesa kuikapo fodya, anamunyamulitsa fodya wakeyo pamodzi ndi ndowa yake yosakhomedwa.

Ine ndinafikapo koyamba ndi ndowa yodontha ya amayi, ndili ndi zaka ngati khumi, ndipo ndowayo inabwerera kunyumba dzuwa litapendeka. Khutu langa linalipira. Mawa lake ndinapitanso. Anyamata ankati amenewa si masewera a atsikana, ndipo ananena zimenezo mpaka tsiku limene ndinayamba kuwagonekera asilikali awo. Ndinali ndi mtima wapachala, ndipo kugonja ndinkadana nako kuposa kwinini. Ndikagonja ndinkalira, kupondaponda fumbi, kenako n'kukhalanso pansi kuti tibwereze. Che Kasimu ankaseka mpaka kutsokomola, n'kumauza aliyense wobwera ndi ndowa kuti mwanache uyu, mwana wa a Matiyasi, alibe chisoni ndi munthu.

Kusewera ankakudziwa, moti sindinamvepo za wowagonjetsa kuchokera ku Balaka mpaka ku Utale, koma luso lawo lenileni linali kukonza. Nkhondo imodzi sinkakhalitsa pa chitseko. Lero gulu laling'ono likuteteza mlatho, sabata yamawa gulu lina likuthawa ndi odwala kudutsa m'dambo, ndipo iliyonse inkayenera kukhala yolingana, yoti mbali iliyonse itha kupambana. Ine poyamba ndinkaganiza kuti kulinganiza ndi kupatsa anthu asilikali ofanana. Tsiku lina atandipatsa ochepa, mnzanga n'kumupatsa mulu, ndinawauza pamaso kuti akondera. Iwo anangoti ngati zili choncho tisinthane malo. Nditayang'ananso ndinaona kuti ochepa angawo anali pa phiri ndi chiwaya, pamene mulu wa mnzangayo unali ndi mtsinje woti uwoloke, ndipo ndinakana kusuntha. Mnzangayo nayenso ankang'ung'udza za mtsinje, koma kusiya mulu wake anakana.

"Chambone," anatero Che Kasimu, kutanthauza kuti zili bwino. "Nonse mukudandaula, nonse simukufuna kuchoka. Nkhondo yabwino ndi imene anthu onse awiri akuiopa."

Nkhondo yatsopano sankaitulutsa msanga. Ankayamba aiyesa okha, kukhala uku, kuzungulira kukakhala uko, tiyi akuzirala pambali, akazi awo Abiti Yusufu akulalata m'Chiyao kuseri kwa mpanda kuti eni ndowa atopa kudikira. Kenako ankaitana ife kuti tiisewere mosinthanasinthana. Pansi pa chitseko panali zitini ziwiri, cha ofiira ndi cha akuda, ndipo mbali ikapambana ankaponya kamwala m'chitini chake. Sankawerenga timiyalato. Ankangonyamula zitinizo, china uku china uku, maso atatsinzina, ngati munthu wosankha maungu pamsika. Chimodzi chikalemera ankachotsa msilikali mmodzi, kapena kusuntha phiri kachipinda kamodzi, kapena kufupikitsa ulendo wa dzuwa, n'kuyambiranso. Ndipo panali lamulo limene sankalipinda: wokonza sasankha. Ukakonza nkhondo, mnzako ndiye asankhe mbali, iwe utenge yotsalayo. Ankati kupatsa munthu nkhondo yoti sangapambane, kenako n'kumamuseka akagonja, ndi haramu ngati kubera pa sikelo, ndipo nkhondo yotero ankaisesa pa chitseko ndi mkono.

Chaka chimenecho bambo anga anabwerako kunkhondo ya ku Bama, dziko lakutali kutsidya kwa nyanja. Anachoka ndili wamng'ono, ali munthu wanthabwala, ndipo anatsika sitima ali kopolo wotsogolera kagulu ka asilikali, wa nsapato za jombo ndi bokosi lachitsulo, thupi lonse lathunthu, popanda ngakhale chipsera. Amayi analulutira mpaka mawu anasasa. Koma masabata atapita tinaona kuti munthu amene anabwerayo ankangokhala pakhonde. Akapatsidwa chakudya ankadya, akapanda kupatsidwa sankafunsa. Papaya likagwa kuseri kwa nyumba ankadzidzimuka thupi lonse. Ine ndikawalonjera ankandigwira pamutu osandiyang'ana. Tsiku lonse ankagwira kamtengo n'kumalemba pansi mzere wokhota, timitanda uku ndi uku, kenako n'kufufuta ndi phazi, n'kulembanso womwewo. Nyengo yososa inafika, utsi unayamba kukwera m'minda ya anthu, koma khasu lawo linali chikolekere kudenga.

Kwathu kuno mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo mkamwini amayesedwa ndi khasu. Mwini mbumba anali amalume anga, a Sitefano, mlongo wawo wa amayi, munthu wa mawu ambiri amene kunkhondo sanapiteko. Anabwera masana ena ine ndikusinja kuseri, ndipo sanatsitse n'komwe mawu. Anauza amayi kuti asilikali anzawo agula njinga ndi makina osokera, ena atsegula makantini, koma wathuyu ntchito yake n'kufunditsa khonde. Anati mbumba yawo singadyetse mwamuna wamanja awiri ngati mlendo, ndipo mvula yodzalira ikagwa munda uli tchire, alongedze bokosi lake lija azipita kwawo ku Ngokwe. Ana amatsala ndi mayi wawo, aliyense amadziwa. Ku Ngokwe n'kutsidya la Shire, kutali kwambiri kwa mwendo wa mwana, ndipo ndinadziwa kuti akapita sindidzawaonanso. Amayi ankangosefa ufa umene anali atasefa kale. Ine ndinachita mantha, ndipo amalume ndinawada tsiku limenelo.

Ndinasiya munsi n'kuthamangira ku chisakasa, kumene ndinakhuthula zonse, mamina ali chuchuchu. Che Kasimu sanali munthu wotonthoza. Anandipatsa mvukuto kuti ndikolezere makala, iwo n'kupitiriza kumata ndowa, koma maso awo ankadumpha kanjira kaja kupita pakhonde lathu, pamene bambo anali atawerama ndi kamtengo kawo. Anandifunsa ngati amalemba zomwezo tsiku lililonse, ndipo ndinati inde. Anati nawonso anali ataziona podutsa kupita kumzikiti. Mawa lake anatithamangitsa ana tonse, nanena kuti pa chitseko pasafike munthu mpaka atatiitana.

Zimene zinachitika masiku otsatirawo ndinazimva pambuyo pake kwa Abiti Yusufu, amene makutu awo sankaphonya kanthu kuseri kwa mpanda kuja. Che Kasimu anayala nsanza yabuluu ija moikhotetsa ndendende ngati mzere wa bambo, naika phiri pambali, n'kubwerera ku ndowa zawo. Chitsekocho chinkaoneka bwinobwino kuchokera pakhonde lathu. Tsiku loyamba bambo anangoyang'ana. Lotsatira anadzuka, nadumpha kanjira, naima pamenepo nthawi yaitali manja ali kumbuyo.

"Phiri silinali pamenepo," anatero.

"Kwali, kaya, ine sindinafikeko," anayankha Che Kasimu osadzutsa mutu. "Liikeni pamene linali, a Kopolo."

Bambo anasuntha phiri lija kuliika pokhota mtsinje. Anazika nsungwi kumtunda. Anavindikira chiwaya ndi ofiira ambirimbiri pansi pa zigoba za mlambe, kenako anatola akuda khumi n'kuwaimika tsidya lino, mmodzimmodzi, mosamala ngati akuika mazira. Poika m'pamene anayamba kulankhula. Anati anawalamula kuti awolotse anthu awo m'mawa ndi kukagwira tsidya linalo mpaka anzawo atafika, ndipo anzawowo sanafike. Iwo anasankha kudzera powolokera pamene madzi anali m'mawondo, ndipo ali pakati pa mtsinje chiwaya chinayamba kulira. Pa anthu khumi aja anabwerako awiri okha. Chimene chinkawadya usana ndi usiku chinali nsungwi zija. Ankakhulupirira kuti akanadzera kumtunda, m'nsungwi, anthu awo akanakhala moyo, ndipo kuti anawapha ndi iwo.

Che Kasimu sanawatsutse. Anapukuta manja, nakhala pansi, nawakumbutsa kuti pa chitseko chawo wokonza sasankha. Bambo ankayesa kuti mkuluyo atenga ofiira, koma iwo anakokera mpando wawo kwa akuda khumi aja, ndipo bambo anayenera kuzungulira kukakhala kuseri kwa phiri, kumbali ya adani awo. Abiti Yusufu ankati anakhala pamenepo nthawi yaitali nthangala zili m'manja osaponya, chifukwa kuchokera pa msomali uja mtsinje wonse unali poyera, powolokera, m'nsungwi, paliponse.

Che Kasimu anadzera m'nsungwi monga bambo ankafunira, ndipo anthu awo anagona dzuwa lisanafike pakati. Anayesa kudikira, ofiira anawatsikira. Anagawa anthu pawiri, onse anathera m'madzi. Mawa lake anabwerezanso, ndi mkuja wake, ndowa za anthu zikuunjikana, timiyala tonse tikugwera m'chitini chimodzi pamene chinacho chinali mbee. Munthu amene ankasesa nkhondo yosalingana ndi mkono anaisiya imeneyi pa chitseko chake masiku onsewo, akugonja ngati wophunzira kumene. Ndiye bambo anakwiya. Anaponya nthangala pansi n'kuwauza kuti akugonja dala, kuti akufuna kuwanyengerera ngati mwana, ndipo kuti iwo sanabwere kudzamveredwa chisoni.

Abiti Yusufu ankati zaka zonse za ukwati wawo sanawaonepo amuna awo atapsa mtima chotero. Kuwanena kuti ndowa yawo ikudontha akanaseka, koma kuwanena kuti anama pa chitseko kunawalasa. Anatenga birika lawo la madzi, nakasamba, nakaswali, ndipo atabwerako anapeza bambo akadali pomwepo.

"Ine simukundikhulupirira, palibe kanthu," anatero. "Ndikuitanirani munthu amene sangagonjere dala ngakhale bambo ake omubereka."

Ine ndinali kuchokera kuchitsime, ndowa ili pamutu, pamene ndinamva Che Kasimu akundiitana kuti Felesiya. Nditaona bambo atakhala pa chitseko ngati munthu pakati pa anthu, mtima unagunda ndi chimwemwe. Za nkhondo yawo sindinkadziwa kanthu. Che Kasimu anangondiuza kuti pali nkhondo yatsopano, akuda ndi anga, ndiwoloke mtsinje ndipo dzuwa likamafika kumapeto theka la anthu anga likhale chiimire tsidya linalo. Anati ndikapambana andipangira koloboyi wangawanga, wa chogwirira. Kenako anachita zimene sankachita, anavundukula zigoba zonse kuti ndione pamene chiwaya chinabisala. Ndinaganiza kuti ukalamba wayamba kuwasokoneza. Nthangala zitangolowa m'manja mwanga ndinaiwala kuti wakhala tsidya linaloyo ndi bambo anga.

Powolokera ndinapaona msanga kuti ndi pakamwa pa ng'ona, choncho ndinalowera m'nsungwi. Koma m'nsungwi munthu amayenda kachipinda kamodzikamodzi, ndipo ndisanatuluke ofiira anali atandidikira kale pagombe. Tinabwereza. Ndinatumiza awiri powolokera kuti chiwaya chitanganidwe nawo, enawo n'kuthamangitsa kumunsi, koma kumunsi madzi anali akuya ndipo msomali uja unangotembenuka. Tinabwereza. Ndinayesa kukwera phiri kuti ndilande chiwayacho, ndinayesa kubisala mpaka dzuwa lipendeke, ndinayesa machenjerero onse amene ndinkalizira nawo anyamata. Nthawi ina nthangala zinandikomera, zoyera zokhazokha, ndipo atatu anafika tsidya linalo, koma ofiira anali ochuluka ngati linthumbwi ndipo anawagoneka onse. Bambo ankasewera mwakachetechete, thukuta likutsika m'khosi. Ndowa yanga inali chikhalire padzuwa, nkhuku zikumweramo. Misozi inadzaza m'maso, ndipo nditagonjanso ndinaimirira n'kumenya chitseko ndi chikhatho mpaka nsungwi zinagwa.

"Ambuje, mwabera," ndinatero ndikulira. "Nkhondo iyi si yolingana. Palibe angapambane pano, ngakhale inuyo simungapambane. Anthu khumi okha, chiwaya chili pamwamba, mtsinje uli poyera. Anakonza zopusazi ndani?"

Mwana wamkazi kulankhula chotero kwa munthu wamkulu, pamaso pa bambo ake, linali khofi losachita kufunsa. Ndinapinda khosi kulidikira. Koma khofi silinabwere. Bambo ankandiyang'ana m'maso, koyamba chibwerere, ndipo anandifunsa ndi mawu otsika ngati m'nsungwi ndinayesetsadi. Ndinawayankha mwaukali kuti anaona okha, m'nsungwi ndi moipa kuposa powolokera. Anafunsa ngati munthu wochenjera kuposa ine sakanapeza njira. Ndinati wochenjera kuposa ine pa chitseko ichi ndi ambuje okha, ndipo awafunse ngati aipeza. Che Kasimu anangokankha chitini chopanda kanthu chija ndi phazi, chinagubuduka mpaka pa mapazi a bambo.

"Ndipo mwanayu ndinamuonetsa pamene pali chiwaya," anatero. "Inu munalowa m'madzi musakudziwa."

Apo m'pamene ndinauzindikira mtsinje uja, kukhota kwake, kuti ndi womwe uja wa pafumbi la pakhonde lathu. Bambo anatambasula dzanja n'kuyamba kutola akuda amene ndinawagonetsa m'madzi, ndipo aliyense ankamutchula dzina. Jailosi wa ku Ntcheu, amene ankaopa misundu kuposa zipolopolo. Amidu, amene anasiya mkazi woyembekezera. Layitoni, mnyamata amene ananama zaka kuti amulembe usilikali. Anawatchula onse mpaka dzanja linadzaza, kenako analifumbata pachifuwa n'kulira mokweza, pakamwa pali yasa, ngati mwana. Ndinali ndisanaonepo mwamuna wamkulu akulira chotero kunja kwa maliro, ndipo ndinachita mantha kwambiri. Amayi anatuluka m'nyumba ndi chipande m'manja, koma Abiti Yusufu anawagwira pa kanjira paja kuti asayandikire.

Kulira kutachepa, Che Kasimu anati ntchito yawo sinathe, chifukwa nkhondo yosalingana singachoke pa chitseko chawo asanadziwe chimene chikanailinganiza. Anawonjezera akuda awiri, ine n'kusewera nawo, n'kugonja. Anawonjezera ena, ndinagonjanso. Anatipatsa chiwaya chathu, zinayamba kusintha pang'ono koma osakwanira. Akuda onse a m'thumba anatha, moti anatenga lumo lawo la malata n'kudula ena pomwepo, kuwadetsa pa mwaye wa birika. Pamene ndinapambana koyamba, n'kugonja, n'kupambananso, tsidya lathu linali lodzaza ndi asilikali moti khumi oyamba aja sankaonekanso. Bambo anayang'ana gulu limenelo osaphethira.

"Amenewa ndi amene munafunika kupatsidwa, a Kopolo," anatero Che Kasimu. "Munapatsidwa khumi. Ine ndinamenyako nkhondo, ndipo yolingana ndinaiona pa chitseko pano pokha. Anakonza ija sanali inu."

Sindinganame kuti bambo anachira tsiku lomwelo. Anagona masana onse otsatira ngati munthu wodwala malungo. Koma m'mawa wina ndinadzidzimuka ndi phokoso la mwala ukunola chitsulo, ndipo nditasuzumira ndinaona khasu latsika kudenga. Manja awo anali atafewa, matuza anatuluka tsiku loyamba lomwelo, ndipo anamanga nsanza n'kupitiriza. Amayi analima nawo, inenso ndi kakhasu kanga. Koma tinali titachedwa kwambiri. Mitambo inasonkhana kumapiri a ku Machinga, mvula yodzalira inagwa, ndipo theka la munda linali likadali tchire.

Amalume anasunga mawu awo, anabwera mvula itangokata. Anatipeza kumunda, matope ali m'mawondo. Amayi anaweramitsa mutu. Ine ndinagwira mpini mwamphamvu, ndikukonzekera kunena mawu amene akanandidyetsa ndodo. Koma bambo, amene miyezi yonseyo sanayankhepo munthu, anaimika khasu n'kupita kukakumana nawo pa malire.

"Alamu, munda sindinamalize, mukuuona nokha," anatero. "Mukati ndipite, ndipita. Koma kunkhondo kuja ndabwerako masabata apitawa, osati tsiku lija munandilandira ku siteshoni. Ndipatseni mpaka kukolola."

Amalume anayang'ana nsanza za m'manja mwa bambo, zimene zinali zitafiira. Anayang'ana mizere. Kenako anayamba kudandaula kuti mizereyo ndi yokhota, kuti mlimi weniweni sapanga mizere yotero, ndipo anachoka akung'ung'udza zomwezo mpaka mawu awo anazimirira m'njira. Za bokosi sanatchule. M'mawa mwake ana awo aamuna anafika kumunda kwathu ndi makasu, akuti atumidwa. Amalume sanapepese mpaka kufa kwawo, ndipo ine ndinatenga zaka kuti ndiwapatse madzi akumwa ndi mtima woyera.

Koloboyi wanga ndinalandira, ngakhale nkhondo imene anandilonjezera sindinapambane. Che Kasimu anati ndinagwira ntchito yoposa kupambana. Nkhondo ija sanaiyalenso, ndipo bambo sanakhudzenso nthangala za bwemba, koma masana ena ankapita kukakhala pa chisakasa kuwagwirira malata, amuna awiri osalankhulana zambiri. Che Kasimu anamwalira ine ndisanakwatiwe. Abale awo a kwa Kawinga anatenga nyundo ndi malumo, chitseko chinatsekera khola la mbuzi mpaka chiswe chinachimaliza. Ndinawakonda mkulu ameneyu, ndipo mpaka lero sindinakumanepo ndi munthu woona mtima ngati iwo, amene analolera kugonja masiku onse aja koma osalolera kunama ngakhale pofuna kuchiza mnzawo.

Lero ndine nkhalamba, ndipo anthu amabwera pakhonde langa ndi nkhani zawo. Wina mwana wake wabwerako ku Joni chimanjamanja, wina mkamwini wake thonje lamukanika, wina mtsikana wake walephera mayeso, ndipo amafuna kuti ndiwathandize kudzudzula. Ndisanatsegule pakamwa ndimayamba ndafunsa kuti munthuyo anapatsidwa chiyani, anakumana ndi chiyani, ndipo wina aliyense akanakhala pamalo pake akanatha bwanji. Ena amapezeka kuti ndi aulesi ndithu, ndipo ndimawauza mosapsatira, pakuti mtima wanga uja sunazirale. Adzukulu anga amati ndimachedwa kuweruza, ndipo nthawi zina amatopa nane. Atope. Iwo sakudziwa kuti ndinatsala pang'ono kukula wopanda bambo, koma ndinakula nawo, anandiperekeza ku tchalitchi tsiku la ukwati wanga, ananyamula mwana wanga woyamba, ndipo manda awo ali m'mudzi mwathu muno.